SHUGA WA PA MIMBA: KODI LAMYA YA M'MANJA INGATCHINJIRIZE AMAYI ATHU?

Kwathu kuno mayi akabereka bwino timati wachira. Mauwo amanenedwa ndi chimwemwe, pakuti ulendo wa miyezi 9 si wamaseŵera. Kuyambira tsiku limenelo maso a banja lonse amakhala pa khanda: ngati likuyamwa, ngati mchombo wagwa, ngati lalandira katemera. Za mayi uja zimaiŵalika msanga, ndipo iye mwini ndiye amayamba kudziiŵala.

Koma alipo amayi ena amene sayenera kuiŵalika chotero. Ameneŵa ndi amayi amene shuga wao adakwera m'magazi pa nthaŵi imene anali ndi pakati. Mwana akabadwa shugayo amatsika, mayi namva bwino m'thupi, koma patapita zaka zingapo ambiri mwa iwo amapezeka ndi matenda a shuga enieni, aja osachoka moyo wonse. Masiku ano m'maiko ambiri madokotala akuyesa kuŵatchinjiriza amayi otere pogwiritsa ntchito lamya za m'manja. Ife tafuna kuti tiione nkhaniyi tili pa Nkhudzi, mudzi wa asodzi umene uli m'mbali mwa nyanja pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay. Kumeneko mayi wogulitsa usipa amafunsa mitengo ya ku Limbe pa lamya, amalandira ndalama pa lamya, ndipo amalankhula ndi mwamuna wake amene ali ku Joni pa lamya yomweyo. Kodi chipangizo chimene chikusamala geni yake chingasamalenso moyo wake?

SHUGA WA PA MIMBA NCHIYANI?

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikaloŵa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo shugayo amaloŵa m'magazi. Kuti achoke m'magazimo napite m'minofu kukapatsa thupi mphamvu, pamafunika timadzi totchedwa insulini, timene timapangidwa m'kapamba. Mayi akakhala ndi pakati, nsengwa imene imadyetsa mwana imatulutsa timadzi tina timene timafooketsa ntchito ya insulini, makamaka mimba ikapitirira theka. Chotero kapamba amayenera kugwira ntchito yoposa ya masiku onse. Kwa amayi ambiri kapamba amakwanitsa. Kwa ena amalephera, ndipo shuga amaunjikana m'magazi. Ameneyu ndiye shuga wa pa mimba.

Vuto lake nlakuti kaŵirikaŵiri sapweteka pena paliponse. Amadziŵika pokhapokha magazi atayezedwa. Kuyeza kodalirika kumachitika mimba ikakhala pakati pa masabata 24 ndi 28: mayi amabwera m'maŵa asanadye, amamutenga magazi, amamumwetsa madzi osungunulamo magalamu 75 a shuga, kenaka namutenganso magazi patapita ola limodzi ndiponso maola aŵiri. Bungwe loona za matenda a shuga pa dziko lonse la International Diabetes Federation lidaŵerengera m'chaka cha 2021 kuti mwana mmodzi mwa ana 6 alionse obadwa pa dziko lapansi amabadwa kwa mayi amene shuga wake adakwera ali ndi pakati.

Shuga wa mayi akachuluka, mwana naye amalandira wochuluka, ndipo amanenepa ali m'mimba. Mwana wolemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo timamunyadira m'mudzi, koma azamba amadziŵa zoopsa zake: mapewa amatha kukanirira pobadwa, mayi angafunike opaleshoni, ndipo khandalo shuga wake amatha kutsika kwambiri likangobadwa. Nthaŵi zina mwana amafera m'mimba. Amayi amene ali pafupi ndi vutoli ndi onenepa, amene zaka zapitako, amene kwao kuli wodwala shuga, ndiponso amene adaberekapo mwana wamkulu chotere.

Tinene mosabisa kuti amayi ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amafika pobereka osayezedwapo m'njira tafotokozayi. Chotero inu amayi amene mudaberekapo mwana wa makilogalamu 4, kapena mudapitapo padera mimba itakula popanda chifukwa chodziŵika, nkhaniyi muitenge ngati yanunso, ngakhale palibe adakuuzanipo za shuga.

SHUGA WATSIKA, KOMA CHENJEZO LATSALA

Nsengwa ikatuluka, timadzi tofooketsa insulini tija timatha, ndipo kwa amayi ambiri shuga amabwerera m'malo mwake m'masiku oŵerengeka. Apa mpamene ambiri amanyengeka. Asodzi a pa Nkhudzi amadziŵa kuti bwato limene lidaloŵa madzi pa tsiku la mwera lili ndi mng'alu, ngakhale pa tsiku la bata likuyenda bwinobwino. Msodzi wanzeru amalimata nyanja ikadali chete. Mimba ili ngati mwera uja: idaonetsa kuti kapamba wa mayiyo ali ndi polekezera. Zaka zikamapita, thupi likamalemera, mimba zina zikamabwera, kufooka kuja kumaonekera poyera.

Akatswiri adaziŵerengera zimenezi. M'chaka cha 2009 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet idasonkhanitsa zofufuza za m'maiko ambiri nipeza kuti mayi amene adadwalapo shuga wa pa mimba ali pangozi yodzadwala matenda a shuga kuŵirikiza ka 7 kuposa mnzake amene sadadwalepo. Mu 2020 magazini ina, BMJ, idabwereza kuŵerengerako ndipo idapeza kuti ndi pafupifupi ka 10. Kuno ku Africa, madokotala a ku Cape Town adalondola amayi amene adapezeka ndi shuga wokwera ali ndi pakati, ndipo mu 2019 adalengeza kuti patangopita zaka 5 kapena 6, amayi 48 mwa 100 alionse anali atadwala kale matenda a shuga. Ambiri mwa iwo anali akulerabe ana aang'ono.

Tisaganize kuti aŵa ndi matenda a anthu olemera a m'tauni okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita m'dziko muno mu 2009 adapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendaŵa. Kafukufuku wina wamkulu amene adachitika ku Karonga ndi ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016 adapeza kuti amayi 27 mwa 100 a kumudzi, ndi amayi 44 mwa 100 a m'tauni, anali olemera kupitirira muyeso, ndiponso kuti anthu 4 mwa 10 alionse odwala shuga sankadziŵa kuti akudwala. Matendaŵa amadya munthu mwakachetechete: amaononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi, mpaka ena amachita khungu, ena amafa ziŵalo, ena amadulidwa mwendo. Pa banja la msodzi, pamene mayi ndiye wogula nsomba, woyanika, wogulitsa ndi wolipira fizi, kudwala kotere kumagwetsa nyumba yonse.

CHIMENE CHIMATCHINJIRIZA NDITHU

Tisanafike pa lamya, tiyambe tadziŵa chimene chidatsimikizika kuti chimathandiza. Ku America anthu oposa 3,000 amene shuga wao anali atayamba kukwera adagaŵidwa m'magulu. Gulu lina lidaphunzitsidwa zinthu ziŵiri: kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, ndi kuchepetsa thupi ndi magawo 7 mwa 100. Kwa mayi wolemera makilogalamu 80, kumeneko nkuchotsako makilogalamu 5 kapena 6 okha. Zotsatira zake zidatuluka mu 2002: m'gulu limenelo kudwala shuga kudachepa ndi magawo 58 mwa 100. Pakati pao panali amayi amene adadwalapo shuga wa pa mimba, ndipo kwa iwo ngozi idatsika ndi theka m'zaka zitatu zoyamba. Patapita zaka 10 phindu linalipobe. Mankhwala a metformin nawonso adaŵathandiza amayi otere, koma amenewo amapereka ndi dokotala, si ogula pa okala ai.

Chachitatu ndi kuyamwitsa. Ku California adalondola amayi pafupifupi 1,000 amene adadwalapo shuga wa pa mimba, ndipo mu 2015 adapeza kuti amene adayamwitsa kwambiri ndiponso nthaŵi yotalikirapo, ngozi yao m'zaka ziŵiri zotsatira inali pafupifupi theka poyerekeza ndi amene sadayamwitse. Apa amayi athu ali patsogolo kale. Langizo la kusikelo lija, lakuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 ndi kupitiriza mpaka zaka ziŵiri, likusamala mayi pamodzi ndi mwana.

Pa nkhani ya zakudya anthu a pa Nkhudzi ali ndi mwai umene ena alibe. Usipa, utaka, mcheni ndi chambo ndi ndiwo zabwino kwambiri kwa munthu woopa shuga. Nkhwani, bonongwe, therere, khwanya, nandolo, khobwe ndi nyemba nazonso nzabwino. Chovuta chili pena. Mtanda wa nsima ya ufa woyera umakula, ndiwo zamasamba nkukhala zongolaŵa. Tiyi wa m'maŵa amathiridwa masupuni atatu kapena anai a shuga, nkutsagana ndi mandasi. Dzuŵa la ku nyanja likaswa mtengo, munthu amathamangira zakumwa za m'mabotolo, pamene botolo limodzi lingathe kukhala ndi timasupuni 7 kapena 8 ta shuga. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire timasupuni 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo limati nkwabwino koposa kulekeza pa 6. Akulu adati chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Sitikuti mayi woyamwitsa adzimane chakudya. Tikuti nsima ikhale ya mgaiwa ndi yapakatikati, masamba achuluke m'mbale, nsomba ikhale yophika kapena yootcha koposa yokazinga m'mafuta ambiri, thobwa lisathiridwe shuga wambiri, ndipo ludzu lithe ndi madzi. Kunena za kuyenda, mayi amene amalima, kutunga madzi ndi kusenza madengu a nsomba safunika kuuzidwa. Koma alipo ena amene geni yao ndi yokhala pansi kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, ndipo ulendo uliwonse, ngakhale waufupi, amakwera kabaza. Ameneŵa ndiwo ayenera kuganizapo.

NANGA LAMYA IKULOŴA PATI?

Ngati njira yodzitchinjirizira ikudziŵika chotere, bwanji amayi akudwalabe? Yankho nlakuti mayi wa khanda alibe mpata. Tulo sagona, manja sapuma, ndipo m'thupi sakumva kupweteka kulikonse. M'maiko ambiri, ngakhale olemera, amayi amene amabwerera kukayezetsa shuga atabereka safika ndi theka lomwe. Nchifukwa chake madokotala adaganiza kuti, popeza mayi sangamapite kuchipatala sabata ndi sabata, uphungu ndiwo uzimtsata kunyumba kudzera pa lamya.

Adakonza timapulogalamu toika m'lamya zamakono, timene achinyamata amatitcha maapu. Ntchito zake nzosiyanasiyana. Kapulogalamu kamakumbutsa tsiku lokayezetsa magazi. Kamaŵerenga mapazi amene munthu waponda pa tsiku. Mayi amalembamo kulemera kwake ndi zimene wadya, mwina kujambula mbale yake, ndipo namwino kapena mlangizi wa zakudya amaona nkumuyankha. Mumakhalanso timaphunziro tatifupi timene angamvere akuyamwitsa.

Kodi zimathandiza? Apa tiyenera kunena zoona zonse, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe. Ku India, mu 2013, adalengeza zotsatira za abambo oposa 500 amene shuga wao anali atayamba kukwera. Theka la iwo linkalandira timauthenga tolembedwa pa lamya wamba, toŵakumbutsa za kadyedwe ndi kuyenda. Patapita zaka ziŵiri, 18 mwa 100 a olandira mauthenga adadwala shuga, pamene mwa osalandira adadwala 27. Ku Senegal, kuyambira mu 2014, boma lidayamba kutumiza mauthenga otere kwa odwala shuga pa mwezi wa Ramadan. M'chaka chomwecho dziko la South Africa lidakhazikitsa MomConnect, njira yotumizira uphungu pa lamya kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa.

Koma pamene adayesa pa amayi amene adadwalapo shuga wa pa mimba, zotsatira sizidakhale zokondweretsa chotero. Ku Singapore adapatsa amayi otere kapulogalamu kolemberamo zakudya ndi kulankhulirana ndi alangizi. Mu 2021 adapeza kuti amayiwo adasinthako kadyedwe, koma pa kutsika kwa thupi kusiyana kwao ndi anzao kunali kochepa, kosati nkudalira. Ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh adayesa pa amayi oposa 1,600, naŵapatsa maphunziro a m'magulu pamodzi ndi mauthenga a pa lamya, ndipo mu 2022 adalengeza kuti shuga wao adakwerabe chimodzimodzi ndi wa anzao amene sadalandire zimenezi.

Phunziro lake nlomveka. Lamya ndi mthenga chabe. Imatha kukumbutsa, kusunga chiŵerengero ndi kufupikitsa mtunda pakati pa mayi ndi namwino. Koma siingaphike ndiwo, siingamlandire mwana kuti mayi apeze mpata, ndipo siingayeze magazi. Uthenga ukafika m'nyumba imene mphika ndi umodzi ndipo wogula shuga ndi wina, umangothera m'lamya momwemo.

M'dziko mwathu muno njira yopereka uphungu wa zaumoyo pa lamya si yachilendo. Mu 2011, ku Balaka, boma loyandikana ndi Mangochi, bungwe la VillageReach lidayambitsa Chipatala cha pa Foni. Amayi oyembekezera ndi olera ana ankaimba mwaulere nalankhula ndi azaumoyo, ndiponso ankalandira mauthenga olembedwa kapena olankhulidwa m'chinenero chathu, ogwirizana ndi msinkhu wa mimba kapena wa mwana. Pambuyo pake ntchitoyi idafalikira m'maboma onse ndipo idaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Chimene chidaikometsa nchakuti inkatheka pa lamya ya mabatani.

Mfundo imeneyi njofunika kwa anthu a pa Nkhudzi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi theka la mabanja a m'Malaŵi ndiwo anali ndi lamya ya m'manja, ndipo ngakhale lamya zachuluka kuyambira pamenepo, zambiri za kumudzi ndi za mabatani. M'mabanja ena lamya ndi imodzi, ndipo imagona pa nyanja ndi bambo. Kutchajitsa kumafuna ndalama, intaneti nayonso ndalama. Timapulogalamu tambiri tili m'Chingerezi, ndipo timadziŵa kuŵerengera zakudya za ku Ulaya koma mtanda wa nsima sitiudziŵa. Chotero mayi amene alibe lamya yamakono asadandaule kuti watsalira. Zofunika kwambiri zingatheke ndi lamya iliyonse imene ili ndi kalendala ndi belu lodzutsa.

ZIMENE BANJA LINGACHITE

Choyamba, pemphani namwino kuti alembe m'buku lanu la kuchipatala kuti shuga adakwera pa mimba iyi, kapena kuti mwana adabadwa ndi makilogalamu akutiakuti. Ngati lamya ili ndi kamera, jambulani tsambalo. Mabuku amanyowa, amadyedwa ndi chiswe, koma mbiri imeneyi idzafunika kwa zaka zambiri.

Chachiŵiri, ikani m'kalendala ya lamya tsiku lokayezetsa. Madokotala amalangiza kuti kuyeza koyamba kuchitike masabata 6 mpaka 12 mwana atabadwa. Zimenezi zikugwirizana bwino ndi katemera amene mwana amalandira pa masabata 6 ndi 10, kotero ulendo ungathe kukhala umodzi. Pitani m'maŵa musanadye kanthu, patapita maola 8 chidyereni. Zipatala zing'onozing'ono nthaŵi zina zimasoŵa zoyezera; apa lamya ingakupulumutseni ku ulendo wachabe, pakuti mungathe kufunsiratu kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati muyenera kupita ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha boma ku Mangochi. Pambuyo pake muziyezetsa chaka ndi chaka. Njira yosaiŵalika ndiyo kuika belu pa tsiku lobadwa la mwana yemweyo.

Chachitatu, lembani zotsatira ndipo mudziŵe tanthauzo lake. Makina ena amaŵerenga manambala aang'ono, ena aakulu. Munthu asanadye, shuga akafika 7.0 pa makina a manambala aang'ono, kapena 126 pa makina a manambala aakulu, madokotala amayezanso kuti atsimikize matenda a shuga. Akakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9, kapena pakati pa 110 ndi 125, ndiye kuti munthu ali pakhomo pa matendawo, ndipo mpamene kusintha kadyedwe kumapindula koposa.

Chachinai, tsiku lokweza mwana sikelo, inunso kwerani, ndipo mulembe kulemera kwanu m'lamya kapena m'kope. Thupi limakwera pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, koma manambala a miyezi 6 ataikidwa pamodzi sanama. Ngati muli ndi tepi ya telala, yezaninso m'chiuno podutsa pa mchombo. Kwa mayi, kupitirira masentimita 80 ndi chenjezo.

Chachisanu, gaŵani mphindi 150 zija m'masiku 5, tsiku lililonse mphindi 30. Lamya yamakono ingathe kuŵerenga mapazi, koma ya mabatani nayo ili ndi wotchi. Kuyenda kwake kukhale kwa ndawala, kofikitsa munthu popuma mofulumirirapo koma akuthabe kulankhula. M'dera lotentha ngati la Mangochi nthaŵi yabwino ndi m'mamaŵa kapena dzuŵa litapendeka.

Chachisanu ndi chimodzi, musakhale nokha. Amayi amene amakumana kale ku banki m'khonde kapena pa thandala poyanika usipa angathe kupangana kuti azikumbutsana. Amene ali ndi WhatsApp angathe kutsekula gulu laling'ono napempha mlangizi wa zaumoyo kapena namwino kuti akhalemo, kuti funso likabuka liyankhidwe ndi wodziŵa. Amene kuŵerenga kumaŵavuta angathe kutumizirana mau olankhula. Mutu umodzi susenza denga.

Chotsiriza, musanatenge mimba ina kayezetseni, ndipo mukaima yambani sikelo msanga nkuŵauza anamwino mbiri yanu. Shuga wa pa mimba amakonda kubwereranso, ndipo shuga wokwera m'masabata oyambirira angathe kulemaza mwana asanaumbike bwino. Kulera kumapatsa thupi nthaŵi yobwerera m'malo.

CHENJERANI NDI ZINA ZA PA LAMYA

Njira imene imabweretsa uphungu wabwino ndi yomweyo imabweretsa mabodza. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda malonda a mankhwala amene akuti amachotseratu shuga m'masiku oŵerengeka. Ena amasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha zimenezi, nkudzabwerera zinthu zitaipa. Palinso timapulogalamu tonena kuti munthu akagunditsa chala pa galasi la lamya, shuga wake adziŵika. Limenelo ndi bodza. Mu 2024 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala lidachenjeza anthu kuti asakhulupirire ngakhale mawotchi ndi mphete zimene ogulitsa amati zimayeza shuga popanda kuboola khungu. Kapulogalamu kalikonse kofuna nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money kachotseni pomwepo. Ndipo matenda a mnzanu amene mwaŵamva m'gulu si nkhani yotumiza kwa ena.

Dziŵaninso nthaŵi yoika lamya pansi nkunyamuka. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda popanda chifukwa, kufooka, kuona mwachimbuuzi, chilonda chosapola, kapena kuyabwa kumalo obisika kobwerezabwereza: zimenezi sizidikira tsiku la pa kalendala. Pitani kuchipatala sabata yomweyo.

KWA ABAMBO, APONGOZI NDI ACHINYAMATA

Inu abambo, ambiri a ife tidakula tikumva kuti mkazi wonenepa ndiye akusungidwa bwino, ndi kuti mwamuna wachikondi amabwera ndi paketi ya shuga ndi botolo la zozizira. Mtima wake ngwabwino, koma kwa mayi amene tikunenayu mphatso yoposa ndiyo kumsiyirako nsomba zabwino musanagulitse zonse, kumpatsa ndalama yokwerera popita kukayezetsa, ndi kudya naye mgaiwa mosanyinyirika. Ngati lamya ya pa banja imakhala m'thumba mwanu, uthenga wa kuchipatala ukafika ndinu mthenga wake. Inu amene muli ku Joni, pa lamya imene mumafunsirapo za malata ndi simenti, funsaniponso ngati amayi a kunyumba adakayezetsa chaka chino.

Inu apongozi ndi anamkungwi, mau anu m'chikuta amalemera kuposa a namwino. Mkaka wa m'maŵere sutuluka chifukwa cha shuga wothira m'phala kapena m'thobwa; umatuluka mwana akamayamwa pafupipafupi, mayi akamadya mokwanira ndi kumwa madzi. Mukamlandira mwana kwa theka la ola kuti mpongozi wanu awongole miyendo, mwachita chimene kapulogalamu kalikonse sikangathe.

Inu achinyamata, lamya mumazidziŵa kuposa makolo anu. Tengani lamya ya amayi anu, ya alamu anu kapena ya azakhali anu, muikemo masiku aja, muŵasonyeze pojambulira ndi potumizira mau. Funsaninso kuti inuyo mudabadwa ndi makilogalamu angati, ndiponso ngati kwanu kuli wodwala shuga. Funsoli likukukhudzani, pakuti ana obadwa pa mimba ya shuga nawonso amakhala pafupi ndi kunenepa ndi kudwala shuga akakula. Mphika umene ukusamala amayi anu lero ukusamala inunso, ndipo atsikana amene akudziŵa mbiri ya kwao adzayamba sikelo ali okonzeka.

Matenda ambiri amafika osagogoda, koma aŵa amatumiza chenjezo zaka zingapo asanafike. Pakati pa kubadwa kwa mwana ndi tsiku limene adzayambe sukulu pali nthaŵi yokwanira kuti banja lisinthe kaphikidwe, mayi ayezetse kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo ngati matenda abwerabe, apezeke msanga asanaononge maso ndi impso. Lamya ingathandize kuti zaka zimenezi zisapite pachabe, malinga ngati pali anthu ofuna kumvera zimene ikukumbutsa. Tikupempha banja lililonse limene laŵerenga nkhaniyi kuti madzulo ano litsekule buku la kuchipatala la amayi, lione zimene zidalembedwamo, ndipo lisankhe tsiku lokayezetsa.